Mabuleki akamagwira okha: kabuku kothandiza eni galimoto

Pali vuto lina la mabuleki limene limawonongetsa ndalama zambiri chifukwa silioneka galimoto ikakhala yozizira. M'mawa mumanyamuka bwinobwino. Mukayenda makilomita 10 kapena 15, galimoto imayamba kulemera. Mumaponda moto koma siithamanga, chitunda chimene mumakwera tsiku lililonse mu giya 4 lero chikufuna giya 2, ndipo mukachotsa phazi imaima msanga yokha. Pedulo ya buleki yakwera pamwamba, yauma gwa. Kenako kumabwera fungo la kupserera kuchokera kumatayala akutsogolo. Mukaima pamthunzi kwa theka la ola, zonse zimamasuka.

Pofika kugalaja galimoto imakhala itazizira kale. Makaniko amaikweza pa jeki, kuzunguza matayala, onse akuyenda. Wina amangoti, "Bwana, apa palibe vuto." Wina amasintha mapadi, kupaka girizi, mwinanso kukugulitsani kalipa ina, mawa lake zomwe zija zabwerera. Musagule chitsulo chilichonse musanadziwe pamene fuluwidi yatsekeredwa. Malowo amapezeka ndi masipanala awiri kapena atatu, jeki ndi kudekha, ndipo kawirikawiri nkhani yonse imakhala kampata kosakwana milimita imodzi.

Chimene chimachitika mukachotsa phazi

Tsegulani boneti muyang'ane mbali ya dalaivala, pakhoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu. Muona chitsulo chakuda chozungulira, cha masentimita 20 kapena 25 m'mimba mwake. Imeneyo ndi busita, ena amati sevo. Kutsogolo kwake kwamangidwa masita silinda, nthawi zambiri ndi manati awiri, ndipo pamwamba pa masitayo pali kathanki ka fuluwidi.

Busita ndiyo imafewetsa buleki. M'kati mwake muli labala yaikulu yogawa zipinda ziwiri. Injini ikamalira, mpweya umayamwidwa m'zipinda zonsezo kudzera pa paipi yakuda yokhuthala. Pa galimoto ya petulo paipiyo imachokera ku manifodi. Pa ya dizilo imachokera ku kapampu kapadera, kamene pa Hiace ndi Hilux zakale za injini ya 2L, 3L kapena 5L kamakhala pa alitaneta. Mukaponda, kavavu kamalowetsa mpweya wakunja m'chipinda chakumbuyo, ndipo mpweyawo umakankha labala ija pamodzi ndi phazi lanu.

Pakati pa phazi ndi fuluwidi pali tindodo tiwiri tachitsulo. Kena kamachoka ku pedulo kulowa kumbuyo kwa busita. Kena kamatuluka kutsogolo kwa busita kukalowa m'kadzenje ka kumbuyo kwa pisitoni ya masita. Tonse amatitcha pushirodi ndipo tonse tingayambitse vutoli, koma kachiwirika ndi kamene kamazunguza anthu mitu, chifukwa masita ikamangidwa sikaonekanso.

M'thupi la masita, pansi penipeni pa kathanki, muli kabowo kakang'ono kosakwana milimita imodzi. Mukachotsa phazi, sipuling'i imabweza pisitoni kumbuyo mpaka kalabala kake kachoka pa kabowoko, ndipo fuluwidi ya m'mapaipi imapeza njira yobwerera m'kathanki. Mukaponda, pisitoni ikangosuntha pang'ono kalabala kamatseka kabowo, fuluwidi n'kupanikizika kupita kumatayala. Opanga anaika kabowoko pafupi kwambiri ndi mlomo wa kalabala mwadala, kuti buleki izigwira msanga. Ndiye pushirodi ikatalika ngakhale ndi milimita imodzi yokha, pisitoni siibwerera kufika kumapeto, ndipo kabowo kamakhala kotseka usana ndi usiku. Galimoto zambiri za ABS zili ndi kavavu pakati pa pisitoni m'malo mwa kabowo, koma nakonso kamatseguka pokhapokha pisitoni itabwerera yonse, choncho matenda ake ndi omwewo.

Chigubu chotsekedwa mwamphamvu chikasiyidwa padzuwa chimafufuma. Fuluwidi nayonso imafuna malo ambiri ikatentha, ndipo ikasowa kobwerera imakankha mapisitoni a m'makalipa. Mapadi amayamba kukhuza disiki, kukhuzako kumaonjezera kutentha, fuluwidi n'kupanikizikabe, mapadi n'kumangabe. Zimangodyetsana choncho mpaka galimoto itakanika kuyenda. Kutentha kwa injini yeniyeniyo, imene ili pafupi ndi masita ndi mapaipi, n'kokwanira kuyambitsa zimenezi musanapondeko buleki n'komwe. Akutsogolo ndiwo amayamba kununkha chifukwa mapadi ambiri alibe masipuling'i amphamvu owabweza, pamene mashuzi a m'madilamu akumbuyo ali nawo, ndipo amalimbana ndi fuluwidi kwa kanthawi. N'chifukwa chake makalipa akutsogolo amanamiziridwa mlandu umene si wawo.

Anagwirapo ndani posachedwa?

Pushirodi siitalika yokha. Ngati vutoli layamba patangopita masiku kapena masabata kuchokera pamene munasinthitsa masita, busita, siwichi ya magetsi a buleki, kapena pamene wina anakweza pedulo chifukwa inkapita pansi, yambirani pomwepo.

Galimoto zambiri m'misewu ya Malawi zinabwera zitagwira kale ntchito ku Japan, ndipo masipeya ake timawapeza kosiyanasiyana: ena atsopano m'mashopu, ena ochotsedwa pa galimoto zophwasulidwa. Masita ya mtundu wina ikhoza kukwana bwinobwino pa mabauti a busita yanu, mapaipi n'kumangika osadontha, koma kadzenje ka pisitoni yake n'kukhala kosaya kuyerekeza ndi ka yakale. Ndi maso simungaone kusiyana. Palinso kagasiketi kapena kachitsulo kopyapyala kamene pa galimoto zina kamakhala pakati pa masita ndi busita. Kakaiwalika pomanga, masita imasendera pafupi ndipo mpata umatha. Choncho mukamakagula masita, tengani yakaleyo, muyerekeze kuya kwa kadzenje musanapereke ndalama.

Yang'ananinso kathanki. Fuluwidi isapitirire mzere wa MAX. Munthu akamaonjezera fuluwidi mapadi akutha, tsiku loika mapadi atsopano mapisitoni amakankhidwira m'kati, fuluwidi yonse ija n'kubwerera kudzaza kathanki mpaka pachivindikiro. Ikatentha imasowa kopita ngakhale kabowo kali kotsegula. Mankhwala ake n'kungopungula ndi sirinji yoyera.

Kufufuza: chitani galimoto ili yotentha

Vutoli mulifufuze pamene likuchitika, apo ayi mungotaya nthawi. Konzani zida pasadakhale: jeki, chitsulo chochirikizira galimoto kapena chipika cholimba, miyala yotchingira matayala, masipanala (pa Toyota zambiri manati a masita ndi a 12, a mapaipi ndi a 10, tinipo tobulidira ndi ta 8 kapena 10), nsanza ndi botolo la madzi. Yendani mozungulira pafupi ndi kwanu mpaka galimoto italemera, muime pamalo osalala.

Yandikizani dzanja pa limu iliyonse, osakhudza disiki. Disiki yotere imasenda khungu. Ngati malimu onse anayi kapena awiri akutsogolo atentha mofanana, vuto lili kumtunda, ku pedulo, busita kapena masita. Ngati latentha tayala lakutsogolo kumanja pamodzi ndi lakumbuyo kumanzere, kapena mosinthanitsa, nakonso ndi kumtunda: galimoto zambiri zokoka ndi matayala akutsogolo zimagawa mapaipi mopingasa choncho, ndiye mbali imodzi ya masita yatsekeka. Ngati latentha limodzi lokha, vuto lili pa tayala lomwelo.

Tchingani matayala akumbuyo ndi miyala, kwezani tayala lakutsogolo limene lamanga, chirikizani galimoto, giya ikhale pa nyutulo. Musadalire jeki yokha. Kuyambira apa muzisintha chinthu chimodzi chokha, n'kuzunguza tayala, musanagwire china. Mukamasula ziwiri nthawi imodzi tayala limasuka ndithu, koma simudziwa chimene chalimasula.

Injini ikulira, wina alowe akokere pedulo m'mwamba ndi dzanja. Tayala likamasuka, pedulo siikubwerera yokha: onani sipuling'i yake, dzimbiri pa bauti imene imalendewerapo, kapena kapeti yopindika.

Likapanda kumasuka, zimitsani injini, mupope pedulo kasanu kapena kupitirira mpaka itauma, kuti mphamvu yoyamwa mpweya ithe m'busita. Zunguzani tayala. Likamasuka tsopano, busita ikudziponda yokha injini ikamalira. Zimachitika kavavu kake kakamamatira, kapena pushirodi ya ku pedulo ikatalikitsidwa mpaka kumatsegula kavavuko pang'ono nthawi zonse. Kupopa kumeneku n'kofunikanso pa chifukwa china: pa galimoto zatsopanoko pisitoni ya masita imatulukira kumbuyo, ndipo mukasuntha masita busita idakali ndi mphamvu yoyamwa, pisitoniyo ikhoza kusololoka.

Likadali lomanga, tengani sipanala mumasule manati amene agwira masita pa busita. Osawachotsa, ndipo mapaipi osawakhudza. Masulani pang'onopang'ono, uku ndi uku, mpaka masita itasendera kutsogolo ndi mamilimita 2 kapena 3. Yang'anitsitsani pamene mukumasula. Masita imene ikukankhidwa ndi pushirodi imatsatira nati yokha, kusiya kampata pakati pake ndi busita musanaikoke. Mwina mumva kakuti "tha" kumatayala, muone fuluwidi m'kathanki ikugwedezeka ndi kukwera pang'ono. Tayala limene limakana manja awiri lizungulira ndi dzanja limodzi. Zikatero mwaupeza mlandu: china chake kumbuyo kwa masita chikuikankha, pushirodi ya busita kapena ya pedulo. Makalipa anu alibe chifukwa.

Likakanabe, bwezerani manati. Ikani nsanza pansi pa masita, mumasule pang'ono nati ya paipi pamene ikutulukira pa masitapo, n'kumanganso msanga. Fuluwidi ikatuluka mwamphamvu tayala n'kumasuka, vuto lili m'kati mwa masita: kabowo katsekedwa ndi dothi kapena dzimbiri, kalabala katupa, kapena pisitoni ikujama. Fuluwidi imadya penti, ndiye imene yadonthera pa galimoto itsukeni ndi madzi nthawi yomweyo, ndipo mutchinjirize maso.

Likakanabe, pitani pa tayala mumasule kanipo kobulidira. Fuluwidi ikathamanga tayala n'kumasuka, yatsekeredwa pakati pa masita ndi kalipa, ndipo woyamba kumukayikira ndi paipi ya labala. Ikangodontha mwaulesi tayala lili chimangire, ndiye si fuluwidi: kalipa yeniyeniyo yajama.

Kuyeza pushirodi ya busita

Mabuku a opanga galimoto amasiyana pa kukula kwa mpata wa pakati pa pushirodi ndi pisitoni. Mabuku ambiri a Toyota amati mpata ukhale 0, woyezedwa ndi chida chawo chapadera, kutanthauza kuti nsonga ya pushirodi ingofika pa pisitoni osaikankha. Ena amalola kampata ka magawo ochepa a milimita. Kwa munthu wopanda chida chapaderacho, kufuna 0 n'kusewera paulimbo, chifukwa kulakwitsa pang'ono chabe kumakugwetserani mbali yoipa. Kampata ka pakati pa 0.2 ndi 0.5 milimita n'kotetezeka: phazi silikamva, koma kabowo kamatseguka. Ngati muli ndi buku la galimoto yanu, tsatirani nambala yake, ndipo muwerenge ngati akuti muyeze injini ikulira kapena itazima, popeza pa mabusita ena pushirodi imasuntha pang'ono mpweya ukamayamwidwa.

Njira yosafuna chida ndi iyi. Chotsani manati, mukankhire masita pamalo pake ndi manja okha. Iyenera kufika n'kugunda thupi la busita mbali zonse popanda kulimbana nanu. Ikaima patatsala kampata, n'kumabwerera mukaisiya, pushirodi yatalika. Pa galimoto zimene zili ndi kalabala kozungulira pakhosi pa masita, kalabalako kamalimbitsa polowa, ndiye musasokoneze kulimba kwake ndi kukankha kwa sipuling'i. Njira iyi imakuuzani kuti yatalika, koma siikuuzani ngati yafupika mopitirira.

Njira yodalirika imafuna veniya ndi rula yachitsulo yowongoka. Pa masita yezani zinthu ziwiri, zonse kuyambira kumapeto kwenikweni kwa masita kumbuyo: kuya kwa kadzenje kufika pansi pake, ndi mtunda wofika pa makutu amene amagunda busita. Chotserani nambala yachiwiri pa yoyamba. Kenako pa busita yezani kuti nsonga ya pushirodi yatuluka motani kuchokera pamalo pamene makutu aja amakhala. Ngati pali gasiketi, ikhalepo poyeza, ndipo musaiwale kuchotsera kukhuthala kwa rula ngati mwayezera pamwamba pake.

Tiyerekeze ndi manambala achitsanzo chabe. Kadzenje kakuya mamilimita 38.0, makutu ali pa 22.5, ndiye pansi pa kadzenje pali pa 15.5 kuchokera pa busita. Pushirodi yatuluka 16.3. Zikutanthauza kuti mukamanga manati, pisitoni imakankhidwa kale ndi 0.8. Kuti pakhale kampata ka 0.4, pushirodi ifupikitsidwe kufika pa 15.1. Pa galimoto zina nsonga imakhala m'kati mwa busita osati kunja; masamu amatembenuka koma funso ndi lomwelo.

Pansi pa kadzenje m'pozungulira, pamene kamchira ka veniya n'kaphwatalala, choncho muyezo ungaphonye pang'ono. Tsimikizani ndi dongo. Umbani kampira kakang'ono ka dongo losalala lopanda mchenga, kapena phala lomatira magalasi a mawindo, mukamate pa nsonga ya pushirodi. Kutani pamwamba pake ndi kapepala ka pulasitiki kopyapyala kuti kasakakamire m'kadzenje. Mangani masita, masulani, muyang'ane. Dongo likaphwanyika mpaka chitsulo kuonekera pakati, mpata palibe. Likatsala lopyapyala losakwana theka la milimita, zili bwino. Likatsala lokhuthala, pushirodi yafupika. Pukutani zonse musanamange komaliza.

Posintha utali, nsonga ya pushirodi imakhala ndi kabauti kopota. Wina aponde pedulo pang'ono ndi mofatsa kuti kandodo katulukire poonekera, inu mugwire thupi lake ndi pulayazi, mupotoze nsonga ndi sipanala yaing'ono. Potozani theka la kuzungulira, yezani, mudziwe kuti theka limasuntha zingati, kenako muwerengere. Chinthu chimodzi musachite: kusolola kandodoko. Kumbuyo kwake kuli kalabala kokhuthala kozungulira kamene kamachititsa kuti mphamvu ya busita izitsatira mphamvu ya phazi. Kakagwera m'kati mwa busita, pedulo imapita pansi ndipo buleki imagwira mwadzidzidzi mukangoikhudza. Kukatulutsa ndi ntchito yotopetsa.

Mabusita ena pushirodi yake siisinthika utali. Pamenepo masita ndiyo yolakwika, mufune yoyenera. Ena amasema nsonga ndi gulainda. Ine sindingakulangizeni zimenezo: nsongayo inapangidwa yozungulira kuti ikhale pakati penipeni pa kadzenje, ndipo tsiku limene mudzapeze masita yoyenera mudzakhala ndi busita yofupika imene siingatalikitsidwenso.

Musathawirenso mbali inayo pofupikitsa kwambiri "kuti zisadzavutenso". Pedulo imachulukitsa mtunda katatu kapena kanayi, ndiye mamilimita 2 a mpata ku masita ndi mamilimita 6 mpaka 8 amene phazi limayenda buleki isanayambe kugwira. Anthu amabulida mabuleki kangapo kufuna mpweya umene mulibe, chonsecho ndi pushirodi yaifupi.

Pansi pa chiwongolero

Gonani chagada ndi tochi muyang'ane pamwamba pa pedulo. Muona pushirodi ya ku pedulo yolumikizidwa ndi kapini, ili ndi nati yokhomera, komanso siwichi ya magetsi a buleki imene pedulo imagunda ikabwerera.

Injini itazima, popani mpaka pedulo iume, kenako ikankheni ndi chala chimodzi. Iyenera kuyenda pang'ono mwaulere musanamve kulimba. Mabuku ambiri a Toyota amati pakati pa 1 ndi 6 milimita. Ikakhala yolimba kuyambira pamwamba penipeni, china chake chikuipanikiza.

Nthawi zambiri ndi siwichi. Ikapotedwera m'kati kwambiri, thupi lake limaimitsa pedulo isanafike kumapeto. Pali kachinthu kenanso kamene kamaphonyedwa. Pamalo pamene siwichi imagunda pamakhala kapulasitiki kapena kalabala kakang'ono. Kakakalamba kamaphwanyika, mumapeza tizidutswa take pa kapeti, ndipo magetsi a buleki amangoyaka mpaka batire kutha. Anthu ochenjera amamatapo kandalama kapena kulowetsapo bauti, magetsi n'kuzima, onse n'kusangalala. Koma mutu wa bauti ukakhala wokhuthala kuposa kapulasitiki kaja, pedulo imakhala yopondeka pang'ono nthawi zonse, ndipo patapita masiku mabuleki amayamba kumanga popanda amene akukumbukira za bautiyo.

Pokonza, tsatirani dongosolo ili: masulani siwichi ichoke panjira, ikani pedulo pa msinkhu wake ndi pushirodi, mangani nati yokhomera, bwezerani siwichi kufikira magetsi atazima pedulo ili pamwamba ndi kuyaka mukangoiponda pang'ono, kenako yesaninso ndi chala. Pushirodi ya ku pedulo si yokonzera buleki yopita pansi. Pedulo ikamapita pansi, chifukwa chake ndi mpweya m'mapaipi, mashuzi otalikira dilamu, kudontha kapena masita yotha. Kutalikitsa pushirodi kumangobisa zimenezo n'kuonjezera vuto lachiwiri.

Muli pomwepo, yesani busita. Pedulo itauma, ipondeni n'kuliza injini. Iyenera kutsika pang'ono pansi pa phazi. Injini ilire mphindi imodzi kapena ziwiri, izimitseni, mupondeponde mofatsa: ulendo woyamba ipite pansi kwambiri, wachiwiri ndi wachitatu izikwera. Lizaninso, pondani, zimitsani phazi lili pomwepo kwa masekondi 30. Pedulo isakukankheni kubwerera.

Fuluwidi yosakanikirana

Malabala a m'mabuleki sagwirizana ndi mafuta ochokera ku petuloliyamu. Oyilo wa injini, wa giyabokosi, wa pawa sitiyaring'i, parafini, petulo ndi dizilo zonse zimawatupitsa. Kalabala ka m'masita kakatupa kamatalika n'kutseka kabowo kaja ngakhale pushirodi ili bwino, ndipo zizindikiro zake n'zofanana ndendende.

Tsegulani chivindikiro cha kathanki muone labala yake. Ikakhala yotupa, yofewa, yokana kubwerera m'malo mwake, fuluwidi yaipitsidwa. Tengani pang'ono ndi sirinji muthire m'kapu ya galasi ya madzi: fuluwidi ya DOT 3 kapena DOT 4 imasungunuka m'madzi, oyilo amayandama pamwamba. Zikatsimikizika, nkhani yake ndi yowawa. Kusintha fuluwidi yokha sikubweza labala yotupa. Pamafunika kusintha masita, malabala a m'makalipa ndi a m'masilinda akumbuyo, mapaipi a labala, ndi kutsuka mapaipi achitsulo.

N'chifukwa chake fuluwidi muzigula ya m'botolo lomata, la mtundu umene walembedwa pachivindikiro cha kathanki, osati yopunguliridwa m'botolo lopanda dzina. Fanelo imene yathira oyilo isayandikire kathanki. Makaniko akamatsuka zam'kati mwa masita kapena kalipa m'beseni la petulo, muletseni mwaulemu; zimatsukidwa ndi fuluwidi yatsopano kapena sipiliti. Mapini a kalipa nawonso amafuna girizi wa malabala, osati wa mabering'i.

Likakhala tayala limodzi

Apa pushirodi isiyeni. Paipi ya labala ikakalamba imafumbutuka m'kati kunja ikuoneka yabwino. Fuluwidi imadutsa mukaponda chifukwa mphamvu ndi yaikulu, koma pobwerera imatsekeredwa. Sinthani mbali zonse ziwiri. Mapini a kalipa akauma, padi imodzi imatha kuposa inzake. Kalabala kotchinga fumbi kakang'ambika, madzi ndi matope a nyengo ya dzinja zimalowa, pisitoni n'kuchita dzimbiri. Kumbuyo, kayikirani kebulo ya handibuleki ndi mashuzi omangidwa mopitirira. Kumbukiraninso kuti bering'i yakufa imatenthetsa limu mofanana, koma iyo imalira ndipo tayala limagwedera mukaligwira pamwamba ndi pansi.

Zikakupezani pa ulendo

Choopsa cha mabuleki ogwira okha n'chakuti amathera pa kusagwira konse. Fuluwidi yatsopano ya DOT 3 siyenera kuwira pansi pa madigiri 205, ya DOT 4 pansi pa 230. Koma fuluwidi imayamwa chinyezi, ndipo ikakalamba malire amenewa amatsika kufika cha pa 140 ndi 155. Ikawira, m'mapaipi mumadzaza nthunzi, ndipo pedulo imene inali youma gwa imangopita pansi. Munthu amene wayamba kutsika Chiweta, Khwekhwelere kulowera ku Golomoti, kapena phiri lotsikira ku Chikwawa mabuleki atatentha kale amakhala atadya chuma chake asanafike pofunika. Mukamva fungo kapena galimoto ikalemera, imani musanayambe kutsetsereka.

Tsitsani anthu, tchingani matayala ndi miyala, ikani zizindikiro zochenjeza pamsewu. Musathire madzi pa disiki yotentha, imapindika kapena kung'aluka. Ngati madilamu akumbuyo atentha kwambiri, musakoke handibuleki. Siyani mu giya. Dikirani zizizire.

Ngati kumasula manati a masita kwamasula matayala, mukhoza kuika washala mmodzi wopyapyala pa bauti iliyonse pakati pa masita ndi busita, ofanana kukhuthala, n'kumanga manati mwamphamvu, kuti mukafike pamene pali makaniko. Yesani pedulo injini ikulira musananyamuke. Ikakhala yolimba kuponda kapena mukamva mpweya ukulira pa busita, ndiye pa galimoto yanu masita ndiyo imatseka mpweya wa busita, ndipo njira iyi siigwira. Chotsani mawashala mufune wokukokani. Mawashalawo ndi ofikira kugalaja basi. Musayende ndi manati omasuka, ndipo musalole munthu kuphwanya paipi ndi hamala kapena kuitseka ndi msomali kuti tayala limodzi lisamagwire. Galimoto yotere imakokera mbali imodzi tsiku limene mwaponda mwadzidzidzi.

Mukakonza

Mabuleki amene anafika potulutsa utsi amasiya zipsera. Sinthani fuluwidi yonse ndi kubulida matayala onse. Ngakhale popanda vuto, opanga ambiri amati izisinthidwa pa zaka 2 zilizonse. Onani mapadi: akakhala onyezimira, ong'aluka kapena oyamba kumatuka pa chitsulo chake, atayeni. Onani malabala a makalipa ngati auma, disiki ngati yasanduka yabuluu kapena ikugwedeza pedulo, ndi girizi wa mabering'i ngati wasungunuka.

Kenako yesani pa mtunda womwe uja umene vuto limayambira, kapena kupitirirapo, injini itenthe bwinobwino. Pamalo osalala ikani nyutulo muone ngati munthu mmodzi angaikankhe. Kwezani tayala lakutsogolo lidakali lotentha: kakukhuza pang'ono ka mapadi n'kabwinobwino, bola lizungulire ndi dzanja limodzi. Yesaninso pedulo ndi chala, ndipo musanatseke chitseko gwadani muone kuti nati yokhomera pushirodi yamangidwa ndiponso kuti kapini ka ku pedulo kali ndi kawaya kake kotsekera.